Nkhata Siichotsa Nkhuni Pamtolo: Za Kupanikizika kwa Aphunzitsi a M'mayunivesite a ku Perth

Aliyense amene anakulira kumudzi amaidziwa ntchito ya nkhata. Ukakatola nkhuni kuphiri, umapota chitenje chakale kapena masamba ouma a nthochi n'kuika pamutu kuti mtolo usakutswanye paliwombo. Nkhata ndi yabwino, ndipo wosenza popanda nkhata amafika pakhomo mutu uli waliwali. Koma nkhata siichotsa nkhuni ngakhale imodzi pamtolo. Mtolo ukaposa mphamvu ya khosi, ngakhale utapota nkhata yochindikala chotani, khosi lipindika basi, ndipo mayi wanzeru amatula, n'kumasula luzi, n'kuphungula. Nkhani yanga lero ndi ya aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede mumzinda uno wa Perth, ndiponso ya kupanikizika m'maganizo kumene ambiri a iwo amagona nako ndi kudzuka nako. Mfundo yanga ndi imodzi: kupanikizika kumeneku kumabadwa m'kakonzedwe ka ntchito, makamaka pa kusiyana kwa maola amene olemba ntchito amawerenga papepala ndi maola amene ntchitoyo imadyadi, kotero mankhwala ake enieni ndi kuphungula mtolo. Zambiri zimene zimachitika m'dzina lothandiza aphunzitsi ndi nkhata, ndipo nkhata ikaperekedwa m'malo mwa kuphungula imasanduka njira yomuuza wosenza kuti vuto ndi khosi lake.

Ku Malawi dzina la Perth ambiri analimva chifukwa cha migodi, popeza kampani ya Paladin imene inatsegula mgodi wa Kayelekera ku Karonga likulu lake lili kuno. Koma mzindawu ndi wa maphunzironso. Kuli University of Western Australia ku Crawley, m'mbali mwa mtsinje wa Swan, yomwe inakhazikitsidwa mu 1911. Kuli Curtin ku Bentley, Murdoch chakummwera, Edith Cowan ku Joondalup, ndi Notre Dame ku Fremantle. Kulinso makoleji a ntchito zamanja a TAFE, a kumpoto ndi a kummwera kwa mzindawu. Woyenda pa kapinga wa ku Crawley madzulo, kamphepo ka kunyanja katayamba kuwomba, sangaganize kuti m'maofesi oyaka magetsi aja muli anthu osagona tulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nyererezo sizinayambe dzulo. Mu 2000 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Anthony Winefield linafunsa ogwira ntchito 8,732 a m'mayunivesite 17 a mu Australia, ndipo linapeza kuti pafupifupi theka la iwo anali pachiopsezo cha matenda a maganizo, pomwe mwa anthu onse a m'dzikomo chiwerengerocho chinali 19 pa 100 alionse. Ganizirani kuti nthawi imeneyo lamya za m'manja zolandira imelo zinali zisanafale, kunalibe maphunziro a pa intaneti monga tikuwadziwira lero, ndipo kunalibe mliri wa Covid-19. Zonsezi zinabwera n'kukhala pamwamba pa mtolo umene unali wolemera kale.

Tiyeni tiuyang'ane mtolowo pafupi. Mwambo wakale m'mayunivesite a kuno umagawa nthawi ya mphunzitsi patatu: magawo 40 pa 100 a kuphunzitsa, 40 a kafukufuku, ndi 20 a ntchito za m'makomiti ndi za mu ofesi. Kumayambiriro kwa chaka mphunzitsi amalandira chipepala cha m'kompyuta chosonyeza maola amene apatsidwa pa chinthu chilichonse: akuti okonzekera phunziro, akuti ochonga mapepala, akuti oyang'anira wophunzira wa digiri yachitatu. Papepala zonse zimakwana ndendende. Chimene pepalalo silidziwa ndi wophunzira amene wagogoda pachitseko akulira chifukwa mwininyumba wamuthamangitsa, ndipo tikudziwa kuti m'zaka za posachedwapa nyumba za lendi zopanda munthu mu Perth zinatsika kufika pansi pa imodzi mwa 100 zilizonse. Silidziwa imelo makumi angapo zopempha kuwonjezeredwa masiku operekera ntchito, iliyonse yofuna fomu yakeyake. Silidziwa kuti phunziro limodzi tsopano limaphunzitsidwa kawiri, m'kalasi ndi pa intaneti, kapena kuti makina atsopano olembera malikisi abwera ndipo aliyense ayenera kuwaphunzira yekha usiku. Nthawi yophunzitsa siingasunthidwe, poti ophunzira ali m'kalasi akudikira. Tsiku lopereka malikisi silingasunthidwe. Chosunthika ndi kafukufuku yekha, ndiye amakankhidwira Loweruka ndi Lamlungu, chonsecho kafukufukuyo ndi amene amayang'anidwa pokweza munthu pa udindo.

Wolemedwa kwambiri ndi waganyu, ndipo ndikugwiritsa ntchito mawu akwathuwa mwadala, chifukwa aphunzitsi amene kuno amawatchula kuti sessional amalipidwa pa ola, semesita ikatha ntchito yathanso, ndipo sadziwa ngati adzaitanidwanso. Gawo lalikulu la kuphunzitsa timagulu ting'onoting'ono ndi kuchonga mapepala lili m'manja mwa anthu amenewa, ndipo ophunzira ambiri ochokera ku Africa amene akuchita digiri yachiwiri kapena yachitatu amayambira pomwepa. Muoneni m'mwezi wa Novembala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa ku Applecross, atakhala m'sitima yochokera ku Joondalup kupita ku Murdoch, laputopu pamiyendo, akuchonga. Tinene kuti ali ndi timagulu tinayi ta ophunzira 25, ndipo aliyense walemba nkhani ya mawu 2,000. Onse pamodzi ndi mawu 200,000. Ngati muyezo ukunena kuti munthu achonge mawu 4,000 pa ola, alipidwa maola 50, kutanthauza theka la ola pa pepala lililonse: kuwerenga, kuganiza, kulemba ndemanga yothandiza mwana, kulowetsa malikisi. Pepala la wophunzira wanzeru lingatheke m'nthawi imeneyo. Pepala la wophunzira amene Chingerezi chikumuvuta, yemwe ndi amene akufunika thandizo kwambiri, limadya ola lathunthu. Mphunzitsi uja atsala ndi njira ziwiri: kugwira ulere, kapena kumunamiza mwanayo ndi ndemanga ya mawu atatu. Njira yoyamba imamudya thupi, yachiwiri imamudya chikumbumtima. Muyezo wa mawu 4,000 pa ola sindinaupeke: ndi umodzi mwa miyezo imene ofesi ya boma ya Fair Work Ombudsman inatchula pozenga mlandu University of Melbourne, ndipo mu Disembala 2024 yunivesiteyo inavomera kubweza madola 72 miliyoni a ku Australia kwa ogwira ntchito oposa 25,000 amene inawalipira moperewera.

Pali amene anganene kuti ndikukokomeza. Mphunzitsi wa ku yunivesite, makamaka wolembedwa ntchito yokhazikika, amalandira bwino, palibe belu lomuitana, palibe kapitawo womuimirira kumbuyo, ndipo ntchito yake anaisankha yekha chifukwa amaikonda. Nanga wonyamula njerwa padzuwa la Januwale, kutentha kutafika madigiri 40, anene chiyani? Funsoli ndi loyenera, ndipo sindikufuna kulizemba. N'zoona kuti ufulu ulipo. Koma ufulu wosankha ola logwirira ntchito ndi wosiyana ndi ufulu wosankha kuchuluka kwa ntchito. Wonyamula njerwa akaweruka waweruka. Ntchito ya mphunzitsi ilibe poweruka, chifukwa palibe phunziro limene silingakonzedwe bwino koposa, palibe pepala la kafukufuku limene silingawerengedwenso. Pamene palibe belu loyambira, belu lowerukira kulibenso. Mu 1979 katswiri wina, Robert Karasek, anaonetsa kuti chimene chimadwalitsa anthu pantchito si kuchuluka kwa zochita kokha, koma kuchuluka kwa zochita kophatikizana ndi kuchepa kwa mphamvu zosankha kachitidwe kake. Kale mphunzitsi wa ku yunivesite anali ndi zochita zambiri komanso mphamvu zambiri, ndipo ziwirizi zinkalimbana n'kufanana. Chimene chasintha n'chakuti zochita zakwera pomwe mphamvu zatsika: chiwerengero cha ophunzira, mtundu wa mayeso, tsiku lopereka malikisi, ngakhale kaonekedwe ka tsamba la phunziro pa intaneti, zonsezi zimagamulidwa kwina. Kafukufuku wa Whitehall, amene Michael Marmot anatsogolera pakati pa ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza kuti matenda a mtima anali ochuluka mwa a maudindo apansi kuposa mwa mabwana, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kusowa mphamvu pa ntchito yawo. Onsewo anali a mu ofesi, osanyamula njerwa. Ndipo pa nkhani yokonda ntchito, chikondi ndi chomwe chimachititsa kuti munthu asakane, n'chifukwa chake wokonda ntchito ndi amene amasenzetsedwa kwambiri.

Ena amatsutsa mwa njira ina, yooneka yanzeru kwambiri. Amati kupanikizika kuli m'mutu mwa munthu, ndipo anthu ndi osiyana: awiri apatsidwa mtolo wofanana, wina akuimba nyimbo, wina wagona kuchipatala, ndiye vuto lili mwa munthu, osati mu ntchito. Kuganiza kotere dziko lino la Western Australia linakulipira ndi miyoyo. Ku Wittenoom, kumpoto m'dera la Pilbara, ankakumba asbestos mpaka 1966, ndipo si onse amene anapuma fumbi lija anadwala, koma lero palibe amene amati odwalawo anali ndi mapapo aulesi. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba anabwerako ena ali bwinobwino, ena akutsokomola mpaka kumanda, ndipo panatenga mpaka 2019 kuti khoti la ku South Africa livomereze chipukuta misozi cha marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi la m'migodi ya golide. Sindikunena kuti kuchonga mapepala n'chimodzimodzi ndi kupuma fumbi la mumgodi. Kutero kungakhale kunyoza akufa. Ndikunena za kaganizidwe kokha. Chiopsezo sichisiya kukhala chiopsezo chifukwa choti chimagwira ena n'kusiya ena. Funso loyenera si lakuti n'chifukwa chiyani uyu wagwa pomwe mnzake waima, koma lakuti n'chifukwa chiyani m'dipatimenti iyi anthu akugwa kawirikawiri kuposa m'dipatimenti inayo. Funso lachiwirili lili ndi yankho loyezeka: maola, chiwerengero cha ophunzira pa mphunzitsi mmodzi, masiku a tchuthi amene anthu alephera kutenga, ndi kuchuluka kwa osiya ntchito.

Lamulo la kuno lagwirizana kale ndi kaganizidwe kameneka, ndipo aphunzitsi ambiri sadziwa. Lamulo la Work Health and Safety Act la 2020, limene linayamba kugwira ntchito mu Western Australia pa 31 Malichi 2022, limati umoyo ndi wa thupi komanso wa maganizo. Limalamula wolemba ntchito kuchotsa chiopsezo mpaka pamene n'zotheka, ndipo ngati sichingachotsedwe, kuchichepetsa. Chaka chomwecho boma linatulutsa ndondomeko ya ziopsezo za maganizo pantchito, imene imatchula poyera zinthu monga kuchuluka kwa ntchito, kusowa mphamvu pa ntchito, kusadziwika bwino kwa udindo wa munthu, kusintha zinthu mosafunsa okhudzidwa, ndi kusatetezeka kwa ntchito. Werengani mndandandawo mukuganizira za waganyu uja wa m'sitima, muona ngati analembera iyeyo. Chosangalatsa n'chakuti nzeru zambiri pa nkhaniyi zinachokera m'mayunivesite momwemo. Sharon Parker wa ku Curtin ndi mmodzi mwa akatswiri odziwika padziko lonse pa kakonzedwe ka ntchito, ndipo mu 2018 gulu lake linatulutsa kafukufuku wa ogwira ntchito m'migodi amene amauluka pandege kupita kumgodi n'kukakhala masabata asanabwerere kwawo. Linapeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali wopanikizika kwambiri m'maganizo, ndipo zimene linalimbikitsa zinakhudza kagawidwe ka mashifiti ndi kutalika kwa masiku okhala kumgodi, osati kungowauza anyamatawo kuti alimbe mtima. Maureen Dollard wa ku Adelaide nayenso waonetsa kuti pamalo pamene akuluakulu amaikadi umoyo wa maganizo patsogolo pa phindu, antchito sadwala kawirikawiri. Ngati yunivesite ingalangize kampani ya mgodi kuti isinthe mashifiti, siingabwerere kunyumba n'kuuza aphunzitsi ake kuti yankho lawo ndi kupuma mozama.

Tsopano tibwere pa nkhata penipeni. Yunivesite iliyonse kuno ili ndi dongosolo la uphungu waulere kwa antchito, lija amati EAP. Kuli maphunziro a kasamalidwe ka nthawi, kuli timapulogalamu ta pa lamya tothandiza kusinkhasinkha, ndipo mwezi wa Seputembala pa tsiku la R U OK? anthu amavala zachikasu n'kudya makeke akufunsana ngati ali bwino. Wina angandifunse kuti, kodi mukufuna zonsezi zithe? Ayi. Munthu amene wasiya kugona, amene mtima ukumugunda akangoona imelo, amene wayamba kumwa kuti apeze tulo, apite kwa dokotala kapena kwa mlangizi lero lomwe, asadikire kuti yunivesite isinthe. Nkhata imapulumutsa mutu paulendo umene wayambika kale. Koma tiyenera kunena zoona pa mphamvu yake. Mu 2024 William Fleming wa ku Oxford anasindikiza kafukufuku wa antchito oposa 46,000 a m'makampani ndi mabungwe 233 a ku Britain, ndipo anapeza kuti amene analowa m'maphunziro olimbitsa mtima, osinkhasinkha ndi osamala nthawi sanali bwino kuposa anzawo amene sanalowemo. Izi siziyenera kutidabwitsa. Munthu amene ali ndi ntchito ya maola 55 ndipo wapatsidwa maola osafika 40 sachira pophunzira kukonza kalendala. Masamu ake ndi omwewo, kungoti tsopano wataya ola lina ali ku maphunziro a kasamalidwe ka nthawi. Ndipo pali choipa china chobisika. Thandizo lonse likaloza mwa munthu, amene walephera amadziona wolakwa kawiri: walephera ntchito, walepheranso kuchira. Ngakhale bungwe la World Health Organization, pofotokoza za kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito mu 2019, linati ndi chinthu chochokera kuntchito, ndipo silinachiike m'gulu la matenda.

Kutsutsa kolemera kuposa konse ndi kwa ndalama, ndipo kumeneku ndikufuna kukupatsa ulemu wake. Akuluakulu a mayunivesite si afiti. Kwa zaka zambiri ndalama za boma sizinakwanire kulipira kafukufuku, ndipo dzenjelo linkakwiriridwa ndi fizi ya ophunzira ochokera kunja. Australia itatseka malire ake mu Malichi 2020, gwero limeneli linachepa mwadzidzidzi. Mayunivesite a boma sanalandire nawo thandizo la malipiro la JobKeeper, bungwe la Universities Australia linawerenga kuti ntchito zosachepera 17,300 zinatha m'chaka chimenecho, ndipo Western Australia inakhala yotseka mpaka Malichi 2022. Mu 2021 University of Western Australia inakonzanso sukulu yake ya maphunziro a chikhalidwe cha anthu, n'kudula nthambi ya anthropology ndi sociology. Zonsezi ndi zoona. Koma onani chimene chimachitika anthu akachotsedwa: ntchito yawo siipita nawo. Imatsala, n'kugawidwa kwa otsala, amene tsopano akugwira ntchito ya anthu awiri ali ndi mantha oti ulendo wina ndi wawo. Njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu. Yankho langa pa nkhani ya ndalama lili pawiri. Choyamba, kuphungula mtolo sikutanthauza kulemba anthu atsopano nthawi zonse. Kawirikawiri kumatanthauza kusiya zina. Phunziro limene lili ndi ntchito zinayi zochonga lingakhale ndi zitatu. Fomu yofuna anthu atatu osaina ingafune mmodzi. Komiti imene imakumana chifukwa choti inakumana chaka chatha ingathetsedwe. Izi sizidya ndalama, zimangofuna mtsogoleri wolimba mtima kunena kuti ichi tachisiya. Chachiwiri, ndalama zopulumutsidwa pochepetsa maola papepala si phindu, ndi ngongole yobisika, ndipo madola 72 miliyoni a ku Melbourne aja akuonetsa kuti tsiku lobweza limafika. Komanso pamene malipiro a akuluakulu a mayunivesite ambiri a mu Australia ali cha m'ma dola miliyoni imodzi pachaka, ndipo nyumba zatsopano zikumera, n'kovuta kumuuza waganyu kuti theka lina la ola pa pepala la mwana ndi lomwe lingagwetse yunivesite.

Pali kutsutsa kwina kumene kumachokera kwa ife eni, ndipo nthawi zambiri sikunenedwa mokweza. Timati, awa ndi mavuto a anthu okhuta. Kwathu ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, mphunzitsi amaima pamaso pa ophunzira mazanamazana, magetsi atathima, mabuku palibe, malipiro osafika kumapeto kwa mwezi, ndipo sadandaula za maganizo. Tinaleredwa kuti mwamuna salira, kuti kupirira ndi ulemu, kuti wamkulu sayankhidwa. Ndiyankhe mosapita m'mbali: kusadandaula si umboni wa kusadwala. Kuthamanga kwa magazi, shuga, mowa, ukali wa pakhomo, imfa zadzidzidzi za anthu a zaka za m'ma 50, izi timazidziwa, kungoti timazipatsa mayina ena. Ndipo aphunzitsi akwathu si anthu ongokhala chete monga timawanenera. Mu 2011, mkulu wa apolisi ataitana Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi ku Chancellor College, aphunzitsi anakana kulowa m'makalasi kwa miyezi yambiri. Chimene ankamenyera chinali ufulu wa maphunziro, koma m'chinenero cha Karasek ndi mphamvu zomwe zija za munthu pa ntchito yake, ndipo anadziwa kuti popanda zimenezo ntchitoyo siigwirika. Vuto la mwambo wathu wa kupirira n'lakuti tikafika nawo kuno umatipweteka mwa njira imene sitiyembekezera. M'dipatimenti ya ku Perth, munthu wosakana samuona ngati waulemu. Amamuona ngati ali ndi mpata. Amene amati "chabwino, ndiyesetsa" pa chilichonse ndi amene amapatsidwa kalasi ya madzulo, komiti yowonjezera, ndi mapepala a mnzake amene wadwala.

Kuti muone mtengo wa kukhala chete, kapena wa kulankhula moperewera, kumbukirani mlandu wa Koehler ndi kampani ya Cerebos, umene unayambira mu Perth momwe muno n'kukathera ku khoti lalikulu la Australia mu 2005. Mayi Koehler ankagwira ntchito yoyala katundu wa kampaniyo m'masitolo masiku atatu pa sabata. Anadandaula mobwerezabwereza, pakamwa ndi polemba, kuti dera lake ndi lalikulu kwambiri ndipo nthawi siikukwana. Palibe chinasintha, ndipo anadwala matenda a maganizo. Khoti lalikulu linagamula kuti kampaniyo ilibe mlandu, ndipo zifukwa zake zinali ziwiri: mayiyo anavomera yekha ntchitoyo, ndipo madandaulo ake ankanena kuti ntchito siingatheke, osanena kuti ikumudwalitsa, kotero wolemba ntchito sakanayembekezera matendawo. Chigamulochi ambiri amachiona chouma mtima, ndipo malamulo asintha kuchokera nthawi imeneyo. Mu 2022, pa mlandu wa Kozarov, khoti lomwelo linati pali ntchito zina zimene chiopsezo chake n'choonekeratu moti wolemba ntchito sayenera kudikira chizindikiro. Komabe phunziro la mlandu woyamba uja likadalipo kwa mphunzitsi aliyense. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kunong'ona m'khonde kuti zinthu zavuta sikufika kulikonse. Chofika ndi kalata yolembedwa, yokhala ndi tsiku, yonena kuti maola amene ndapatsidwa ochongera ndi akuti, amene ndagwiradi ndi akuti, ndipo izi zayamba kukhudza umoyo wanga. Chiganizo chomalizachi ndi chimene chimasandutsa dandaulo kukhala nkhani ya chitetezo pantchito, imene lamulo limakakamiza wolemba ntchito kuyankha.

Ndikudziwa kuti kwa waganyu, makamaka amene ali pa viza, malangizo amenewa ndi osavuta kunena koma oopsa kuchita. Sachita kuchotsedwa ntchito. Amangosiya kumuitana semesita yotsatira, popanda kalata, popanda chifukwa. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti nkhaniyi ingathe ndi kulimba mtima kwa munthu mmodzimmodzi. Lamulo la 2020 lija limapatsa antchito ufulu wosankha nthumwi yawo ya zaumoyo ndi chitetezo, imene ili ndi mphamvu zofufuza dandaulo ndi kupereka chidziwitso chokakamiza kuti vuto likonzedwe, ndipo limalamula wolemba ntchito kufunsa antchito asanasinthe zinthu zokhudza umoyo wawo. Ofesi ya WorkSafe ndi imene imayang'anira zimenezi. Aphunzitsi a m'mayunivesite ali ndi bungwe lawo la NTEU, a m'makoleji a TAFE ali ndi State School Teachers' Union ya Western Australia, ndipo miyezo ya maola imalembedwa m'mapangano amene mabungwewa amakambirana ndi olemba ntchito. Mapanganowa si chinthu chamuyaya. Mu Ogasiti 2017 bwalo la Fair Work Commission linavomera pempho la Murdoch University lothetsa pangano lake ndi antchito, koyamba m'mbiri ya mayunivesite a mu Australia, ndipo pangano latsopano linadzapezeka patapita miyezi ya kukokanakokana. Kuyambira pa 26 Ogasiti 2024 lamulo la Fair Work limapatsanso wantchito ufulu wokana kuyankha mauthenga a ntchito kunja kwa maola ake, pokhapokha ngati kukanako n'kosamveka. Ndi ufulu wabwino, koma ndi wochepa mphamvu kwa mphunzitsi, chifukwa palibe amene amamuimbira usiku. Iye mwini ndi amene amatsegula kompyuta, podziwa kuti akapanda kutero mapepala 100 aja sakwana pofika Lachisanu. Aphunzitsi khumi a dipatimenti imodzi akalemba maola awo enieni kwa semesita yonse n'kuwapereka pamodzi, palibe amene angaloze mmodzi n'kunena kuti ndi wochedwa kuwerenga.

Mayeso a zonse ndanenazi afika kale. Kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, nkhani yolembera kunyumba yasiya kukhala umboni wodalirika woti wophunzira waphunzira, ndipo bungwe loyang'anira mayunivesite la TEQSA lapempha yunivesite iliyonse kuonetsa momwe itetezere madigiri ake. Njira zimene zikukambidwa, monga mayeso a pakamwa, kulemba pamaso pa mphunzitsi, ndi kufunsa wophunzira mmodzimmodzi za ntchito yake, ndi zabwino pa maphunziro, ndipo zonse zimadya nthawi ya munthu. Mayeso a pakamwa a mphindi 15 kwa ophunzira 200 ndi maola 50 a kukhala pansi maso ndi maso, osawerengera kukonza ndandanda, odwala ofuna tsiku lina, ndi milandu ya oganiziridwa kuti anabera, imene uliwonse umafuna umboni, kalata ndi msonkhano. Mwezi wa Febuluwale, semesita yoyamba isanayambe, chipepala cha maola chija chidzafikanso m'makompyuta a aphunzitsi ku Crawley, ku Bentley, ku Murdoch, ku Joondalup ndi ku Fremantle. Mukachitsegula, fufuzani mzere wa maola 50 amenewo. Ngati ulipo, funsani mkulu wa dipatimenti kuti ndi ntchito iti imene yachotsedwa kuti maolawo apeze malo. Ngati palibe, mufunseni molemba, ndipo musunge yankho lake.